Mbiya Yoviikamo Mphale

Sukulu ndinalekera Sitandade 3, ku mishoni. Malume anati mtsikana akadziwa kuwerenga kalata zakwana, ndipo anandibweza kumudzi, kufupi ndi Mkaika, kudzatunga madzi. Inali nthawi ya Chitaganya. Chaka chotsatira malumewo anamwalira. Sindinalire kwambiri.

Titakolola tinayamba kufulula mowa wa bona lawo, mowa wotsazika mzimu wa wakufa. Woyang'anira anali amayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga. Lamulo analinena poyera: mpaka mowa utamwedwa, mkazi wokhudza chimera kapena mbiya asagone ndi mwamuna wake. Wolakwa, mowa umamuulula poonongeka.

Ine anandipatsa mbiya zitatu kuti nditsuke. Ziwiri ndinazikwecha ndi mchenga, n'kuzivundikira pamoto wa mapesi kuti ziwauke mkati. Yachitatu inali ija tinkaviikamo mphale, ya mng'alu womata ndi phula. Madzi anali atatha, chitsime chili kutali. Ndinaitsukuluza kamodzi n'kuiimika pamodzi ndi zinzake.

Tsiku lachiwiri anafika alamu, mwamuna wa mkulu wanga, kuchokera ku Halale kumene anakhala zaka ziwiri akugwira ntchito m'minda ya fodya. Anabwera ndi njinga ndi bulangeti. Mkulu wangayo ndiye ankatakasa phala la mowa. Alamu anawayalira mphasa kugowelo kwa anyamata, koma akazi anayamba kukodolana.

"Zaka ziwiri, amwali," anatero wina, "bulangeti latsopanolo afunde ndi anyamata?"

Mkulu wanga anaseka, n'kupitiriza kutakasa.

M'mawa wa tsiku lachinayi amayi aakulu anavundukula mbiya yoyamba. Thovu lofiirira linali litakwera mpaka kukamwa, likutsikira kunja, lili ndi madontho akuda. Mkazi wina wachitengwa anagwira pakamwa.

"Mayo, waola!"

"Kwanu mumafulula chiyani, madzi a nyemba?" anatero amayi aakulu. "Ika khutu apa."

Mkati munkamveka kuwira, ngati mvula ikubwera patali. Fungo linali lolasa m'mphuno. Amayi aakulu anakankha thovu ndi chikho, natunga. Mowa unatsika msanga ngati madzi. Analawa, nati madontho aja ndi makoko a chimera, ndipo mowa wamoyo umayenera kuchita phokoso ndi kudetsa mbiya. Yachiwiri inali chimodzimodzi.

Yachitatu inali zii. Pamwamba panali poyera bwino, kachikopa kosalala konga ukonde wa kangaude, kokhala ndi matuza osaphulika. Wosadziwa akanati ndiyo yabwino koposa. Amayi aakulu anamiza chikho n'kuchikweza. Mowa unananda ngati therere, osaduka. Fungo lake ndinalizindikira pomwepo: madzi a mphale ogonera.

Palibe anayang'ana ine. Onse anayang'ana mkulu wanga.

"Sindinachite kanthu, amayi," anatero.

"Mbiya sinama," anayankha amayi aakulu.

Ndinakhala chete tsiku lonse. Ndinkaopa ndodo, palibenso china. Masana anaitana alamu pansi pa mtondo. Akuluakulu a banja anawafunsa kumene anagona, anafunsanso anyamata a kugowelo ngati anawaona akutuluka. Wina anati anatulukadi kamodzi. Alamu anati anapita kukataya madzi. Anthu anaseka. Anawauza kuti mkamwini wonyoza maliro a eni mudzi apereke mbuzi ndi kupepesa atagwada, apo ayi atenge njinga yake.

Mawa lake ndinapita kwa amayi aakulu, ali pakhonde akusefa mowa wa mbiya ziwiri zija. Ndinawauza za mphale, za mng'alu, ndi kuti sindinaiwaule.

"Komanso akanakhala kuti mkulu wanga analakwa, bwenzi zitaonongeka zonse zitatu," ndinatero. "Phala linali limodzi, wotakasa mmodzi."

"Mphezi imagwera mitengo yonse?"

"Koma ndine ndinatsuka, amayi."

"Dzulo unalibe pakamwa? Mkulu wako wakunong'oneza, eti? Nzeru za kusukuluzo kaphikire nyemba."

Sanafune kumva. Mlandu unali utaweruzidwa kale pamaso pa anthu, ndipo mtsikana waulesi si nkhani yoti amuna akhalire pansi pa mtondo kawiri.

Mowa wa mbiya yachitatu anautaya kudzala, nkhumba zinadya. Bona linachitika ndi mbiya ziwiri, ndipo anthu anati unali mowa wokoma. Alamu sanamwe. Anati sanayende ulendo wonse uja kudzagwadira mbiya. Patatha masiku atatu anamanga katundu panjinga, nalowera kumsewu wa ku Katete. Kalata sanalembe.

Mkulu wanga ndinamuuza zonse tili kuchitsime. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula. Kenako anati ndimusenze mtsuko. Ndinamusenza, ndipo anatsogola.