Foni ya Lolemba

Obed Malizani wa ku Nachisaka anatha chaka ndi theka ku Kumasi, m'dziko la Ghana, akugogoda m'makomo mwa anthu ngati mmishonale wa mpingo wa Mormon, umene anyamata otumikira umawatcha a Elder. Sabata yonse inali ya shati yoyera, tayi ndi fumbi, koma Lolemba ankaloledwa kuimba foni kumudzi.

Bambo ake, mkulu wa mpingo wa CCAP, ulendowo sanagwirizane nawo. Komabe Lolemba lililonse ankasiya khasu n'kukwera kaphiri ka kuseri kwa dimba kukasaka netiweki.

"A Elder opanda ndevu, mwatembenuza angati sabata ino?" ankatero ali wefuwefu. Obed ankaseka, koma mumtima ankadikira tsiku lodzamva kuti, "Wachita bwino, mwana wanga."

Lolemba lina anayankha foni ndi mlongo wake Rakele.

"Achimwene, bambo tinaika Lachinayi. Anagwa kumunda Lachiwiri."

"Lachinayi? Bwanji osandiuza?"

"Paja munati lamulo lanu ndi Lolemba. Ali m'chipatala ku Madisi anatiletsa okha. Amvekere, musamulakwitse mwana pa ntchito ya Mulungu."

Obed anafuna kukuwa kuti lamulolo silikhudza matenda kapena maliro, kuti akanangouza akuluakulu a mishoni. Koma mawu omalizawo anamutseka pakamwa. Bambo anali asanaitchulepo ntchito ya Obed kuti ndi ya Mulungu.

Madzulo ake anamanga tayi n'kutuluka ndi mmishonale mnzake kukagogoda monga mwa nthawi zonse. Pakhomo loyamba panatuluka bambo wina wa imvi, wa msinkhu wa bambo ake, ndipo Obed analephera ngakhale kupereka moni.