Che Yoramu ndi Chigongono cha Habiba

Aliyense amene anakwerapo sitima pa Balaka nkhondo yachiwiri itangotha amawakumbukira Che Yoramu. Sankagwira ntchito ya njanji, sankagulitsa kanthu, ulendonso analibe. Koma sitima ya ku Limbe ikangolira kumunsi uko, mumawaona akutsetsereka ndi ndowa kumanja, chiguduli paphewa, akuyenda chammbali ngati nkhanu. Mphuno yawo inagonera kumanzere, khutu limodzi linatupa n'kukhala ngati bowa, ndipo zala zinkaloza uku ndi uku ngati zakangana za njira.

Zonsezi anakazitenga ku Halale. Anapitako wapansi ali mnyamata, nakalembedwa ntchito yosenza matumba a ufa kophikira buledi. Lamulungu masana anthu a kulokeshoni ankasonkhana pabwalo kuonera nkhonya, Anyasa mbali yawo, Azezuru yawo, Asena yawo. Tsiku lina wankhonya wa Anyasa anathawa atangoona msinkhu wa mnzake, ndiye anthu anangowakankhira Che Yoramu pakati poti anali a mapewa. Anawaveka magolovesi onunkha thukuta la eni ake. Iwo, poopa kumenyedwa, anatsinzina n'kuponya dzanja. Potsegula maso anapeza chimunthu chija chili chagada, Anyasa akuvina.

Matumba a ufa anasiyira pomwepo. Anamenya ku Halale, ku Bulawayo mpaka ku Beira, akudya nyama tsiku ndi tsiku, dzina atawapatsa loti Nyundo. Nyundoyo inatha phewa litaguluka pakati pa ndewu. Analibwezera, linagulukanso, mpaka linafika poguluka akangoyetsemula. Mkulu wina wa Chisena, amene ankagwira ndowa ndi thaulo pakona, anawatenga kuti azimuthandiza, ndipo kwa iyeyo ndi kumene anaphunzira kubwezera zala, mapewa ndi nsagwada za anyamata anzawo. Kwawo anabwerako ndi sutukesi yopepuka ndi thupi lowawa paliponse.

Mankhwala anayesa onse. Mphini anatemera mpaka msana unaoneka ngati mkeka. Kuchipatala cha mishoni anawapatsa mafuta onyerenyetsa amene ankathamangitsa ndi agalu omwe. Chimene chinawayanja ndi madzi otentha a m'mutu wa sitima. Ankati madzi a pamafuwa ndi aulesi, koma awa akoka mabogi kuchokera ku Limbe, mphamvu ali nazo. Ankakhala pansi pa mtengo atavula malaya, akuthowa phewa ndi chiguduli, uku akubuula mokoma ngati akudya uchi. Madzi otsala ankathowera osenza katundu ndi anyamata obinya kumpira.

Wowatsegulira madziwo anali Hassani, woponya malasha m'sitimamo, amene nyumba yake inali pa Balaka pomwepo. Mkazi wake Lukiya ankabwera pasiteshoni ndi bakuli la mpunga, kamwana kawo Habiba kali kumsana. Lukiya ankaopa chilichonse. Mwana woyamba anamutaya ali wakhanda, ndiye uyu ankamuyang'ana ngati dzira lili pamphepete pa thandala. Ankaopa njanji, nthunzi, chitsime, mbuzi za nyanga, ndipo manja a Che Yoramu ankawapatsa moni ali patali.

Tsiku limenelo nsalu inamasuka, ndiye anamutsitsa Habiba kuti amange bwino. Nthawi yomweyo sitima inatulutsa nthunzi yoyera kuti fooo. Mwana wina akanathawa, koma Habiba anaseka n'kuithamangira kuti akaigwire. Lukiya anamutsakamula padzanja n'kumukokera m'mwamba ndi mphamvu zake zonse. Mwana analira kamodzi kokha mokuwa, kenako n'kumangosisima. Mkono wakumanja unali lende, osagwedezeka, chikhatho chitayang'ana kumbuyo.

Amayi ogulitsa malonda anazungulira msangamsanga. Wina anati wathyoka. Wina anati afune lumo amuteme mphini. Modesita wa zitumbuwa anati ku Zomba mkono wotere amangodula, anamva kwa mlamu wake. Lukiya sanamve bwino onsewo. M'mutu mwake munkangozungulira chinthu chimodzi: wapundula mwana ndi dzanja lake lomwe, bambo wake ali kuseri kwa sitima osadziwa kanthu.

"Make Habiba, mwaona mzukwa dzuwa lili pamutu?"

Anali Che Yoramu, ndowa ikufuka nthunzi.

"Ambuje, mkono," anatero Lukiya. "Ndamukoka."

"Wagwa?"

"Iyayi."

"Wamenyetsa pachitsulo?"

"Iyayi, ndangomukoka basi." Maso ake anagwera pandowa ija, ndipo anabisa mwana kuseri kwa miyendo yake. "Madziwo ayi, ambuje. Mumuwaula."

"Madzi anga ndiwonongere kamkono konga nzimbe yanthete? Awa ndi a ife owawa zenizeni." Anaika ndowa patali n'kukhala pansi pafumbi, mawondo akulira ngati chitseko. "Khalani apa, mumuike pamiyendo."

"Musampatse mwana a Nyundo," anatero Modesita. "Taonani zala zawozo. Anakonza okha zimenezo."

"Zangazi ndinaphunzirirapo, Modesita. Za anthu ena zinawongoka zonse. Inu zitumbuwa zanu zoyamba anadya ndani?"

"Anadya amuna anga."

"N'chifukwa chake anathawira ku Joni."

Amayi aja anaseka, Modesita yemwe. Lukiya sanaseke, koma anakhala pansi. Anaona zala zokhotazo zikuyenda pang'onopang'ono kuchokera paphewa la mwana, kutsika, kusisita, osapeza chotupa. Zitafika pachigongono, Habiba anazinyanyala.

"Ndi pano," anatero Che Yoramu. "Fupa lili bwinobwino. Kangotsetsereka kanthu pamfundo, ngati lamba wa mashini osokera. Che Habiba, moni. Tipatseni dzanja ngati akuluakulu."

Anagwira chigongono ndi dzanja limodzi, chala chachikulu chili pamfundopo. Ndi linalo anatembenuza kachikhatho kuyang'ana kumwamba, ngati kolandira mphatso, n'kupinda mkono mpaka zala zinakhudza phewa. Lukiya anamva kuti thi, osati ndi makutu, koma m'thupi la mwana lomwe linatsamira pachifuwa pake.

Habiba anakuwa mpaka akhwangwala anauluka padenga la siteshoni. Lukiya anapezeka atanyamula chivundikiro cha bakuli m'mwamba, osadziwa kuti akufuna kuchita nacho chiyani.

"Menyani kumanzere, kumanjaku kunatha kale," anatero mkuluyo akuloza khutu lake labwino. "Koma muyambe mwadikira. Mwana amaiwala mochedwa kuposa mkono."

Anadikira. Mkono unali lende monga poyamba. Sitima inalira, mabogi anagundana, ndipo Hassani anasuzumira pazenera, nkhope ili bii ndi malasha, akukweza dzanja. Lukiya anakweza lake, mano onse pamtunda, misozi ikutsikira m'kamwa. Sitima inapita. Mkono unali lende.

"Modesita, tibwerekeni chitumbuwa chimodzi."

"Chitumbuwa amabwereka?"

"Tikubwezerani chikatha ntchito."

Che Yoramu anagwira dzanja labwino la Habiba ngati akusewera nalo, osalisiya, n'kukweza chitumbuwa pamwamba pa mutu wa mwanayo. Anachinunkhiza, nachiyamikira, natsegula pakamwa ngati achimeze chonse. Habiba anasiya kulira. Anayang'ana chitumbuwa, anayang'ana dzanja logwidwalo, anakoka, osatheka. Kenako mkono uja, umene Lukiya anali atauika kale m'manda, unadzuka wokha n'kutsomphola chitumbuwa pakamwa penipeni pa Nyundo.

Modesita analuluta. Lukiya anafuna kunena Alihamudulilahi, koma chimene chinatuluka ndi phwete. Anaseka mpaka anagona chammbali pafumbi, mwana ali pamimba pake akudya, zinyenyeswa zikumugwera m'maso. Akati adzuke athokoze, kuyang'ana nkhope ya mkuluyo, n'kuyambiranso.

"Mawa akathamangiranso nthunzi, mugwire malaya kapena m'khwapa," anatero Che Yoramu akudzuka movutikira. "Dzanja la mwana si chingwe cha mbuzi. Ndipo akakula musamulole nkhonya. Ali ndi liwiro loipa."

Ponyamuka, Lukiya sanamubereke Habiba. Anamuyendetsa patsogolo pake, iye akutsatira chowerama, atagwira kansonga ka diresi. Atayenda pang'ono mtima unakayikanso, ndiye anatola kamwala n'kumupatsira kumanja. Habiba analandira. Patsogolo anamupatsa tsamba la mango. Analandira. Chitsononkho, nthenga ya nkhanga, phale la mphika, zonse ankalandira ndi dzanja lomwelo n'kumaponya m'nsalu ya amake. Pofika pakhomo, nsalu inali itadzaza zinyalala za msewu wonse wa siteshoni, ndipo Lukiya anali akuyang'anabe pansi kufuna china choti amupatse.