Chilimwe cha Matekenya

Anali phini wamkuwa, wokhota pang'ono kunsonga. Aphunzitsi ankamukoleka pakolala ya malaya awo, ndipo asanamugwiritse ntchito ankayamba amuwotcha pakhala la moto mpaka nsonga itada.

Tinawoloka Ruo m'chilimwe, nkhondo ya Ajeremani isanayambe, tili atatu: amayi, atsibweni ndi ine. Bambo anali atatengedwa ndi asilikali a Apwitikizi kukagwira ntchito yokakamiza, ndipo sanabwerenso. Tinafikira pamalo a mzungu wina kunsi kwa phiri la Mulanje, m'khumbi limene kale munkagona nkhumba. Fumbi la m'menemo ndi limene linandipatsa matekenya.

Kwa amene sanalionepo, thekenya ndi kanthata kochepa kuposa njere ya mawere. Limaboola khungu m'mbali mwa chikhadabo, n'kutupa ndi mazira mpaka kukula ngati nandolo. Likakhala limodzi limangoyabwa. Ine ndinali nawo m'zala zonse ndi kuzidendene komwe. Amayi anayesa kuwachotsa ndi minga, koma ankaphulikira m'kati, zilonda n'kuchita mafinya. Mango asanapse ndinali nditasiya kuyenda. Ndinkakwawa ndi mawondo, ntchentche zili pambuyo.

Atsibweni anali atamva kuti cha ku Thyolo kuli malo olima okwanira, ndipo anaganiza zopita. "Mvula yoyamba ikangogwa ine ndanyamuka, mlongo," ankatero. "Woyenda ayende." Sanali munthu wankhanza, ndi iwo amene anandinyamula paphewa powoloka mtsinje. Koma ulendowo unali wautali, katundu ndi mbewu zili pamutu, ndipo ine ndinali nditapitirira msinkhu woberekedwa. Kutsala nako kunali kosatheka. Pamalo a mzungu munthu ankakhalapo chifukwa cha thangata, ntchito yolipirira malo, ndipo nyumba yopanda mwamuna wokagwira ntchitoyo kapitawo ankaigwetsa. Zonse zinatsamira pa mapazi anga.

Aphunzitsi anali Mmang'anja wa pasukulu yaudzu imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Anandipeza tsiku lina ndikukwawira kumthunzi, anandiyang'ana mapazi, ndipo mawa lake anabwera ana ataweruka. Anakhala pansi, n'kuika phazi langa lamafinyalo pamiyendo pawo. Anatsinzina, nanena mawu angapo motsitsa, kenaka n'kuyamba.

Ntchito yake inali yofuna kudekha. Ankatsegula khungu ndi phini uja mozungulira, pang'onopang'ono, kuti kathumba ka mazira katuluke kosaphulika. "Limba, mwanawe, ili latuluka lathunthu," ankatero, n'kuliika patsamba la nthochi. Akamaliza phazi limodzi ankapinda tsambalo, kutenga chikuni chamoto, n'kuzimirira kuseri kwa nsungwi. Pobwera ankagwira phazi linalo. Pomaliza ankatsuka zilonda ndi madzi onyikamo fodya, owawa ngati tsabola, n'kupaka mafuta a nsatsi. Tsiku ndi tsiku zinkatero.

Tsamba lopindalo ndi limene linawasowetsa mtendere atsibweni. Kwathu kunkadziwika kuti wofuna kukulodza amatapa dothi la pamene waponda. "Uyu satapa dothi, akutapa phazi lenilenilo," anatero m'Chilomwe, aphunzitsi ali pomwepo osamva kanthu. "Akupita nazo kuti? Unamuona kuti munthu wogwira zonyansa za mwana wa eni, osapempha ngakhale dzira?"

Lero ena angaseke, koma ine sindiwaseka. Kumene tinachokera, wokupatsa nsalu lero ndi yemwe ankabwera ndi chingwe mawa. Kunonso anthu ankatitcha Anguru, ndipo ena sankalola kuti timwere chikho chawo. Chifundo chopanda mtengo tinalibe pochiika.

Atsibweni anafuna kuti aphunzitsi auzidwe asabwerenso. Amayi anapempha tsiku limodzi. Madzulo amenewo, aphunzitsi atalowa kuseri kwa nsungwi, amayi anaika munsi pansi n'kuwatsatira mozemba. Anabwerako aphunzitsiwo asanatuluke, n'kupitiriza kusinja. Atsibweni atawafunsa anangoti, "Amawotcha basi."

Kuchokera tsiku limenelo amayi ndiwo ankanyika fodya. Ankandigwira mwendo kuti ndisaphiriphithe, ndipo aphunzitsi akatsinzina, nawonso ankatsinzina, ngakhale Chimang'anja ankachimva mwa apo ndi apo. Anaphunziranso kuwaza madzi ndi phulusa m'khumbimo kuti fumbi lisabalenso matekenya ena.

Mvula yoyamba inagwa masana, phiri lonse litabisala m'mitambo. Fungo la dothi lonyowa linalowa m'khumbi, ndipo atsibweni anayang'ana mapazi anga, osati kumwamba. Ndinaimirira. Ndinayenda mpaka pa nsungwi n'kubwerako, chidendene chikuwawabe koma chikuponda. Chikhadabo chimodzi sichinamerenso mpaka lero, ndipo ndilibe nacho mlandu.

Potsazikana amayi anawapatsa aphunzitsi kalongonda wodzaza manja awiri, nyemba zathu zija zimene zimaledzeretsa zikapanda kuphikidwa mokwanira. Anazilandira akuseka: "Mayi, mukufuna mundiphe nditakuchizirani mwana?" Atsibweni, amene anali asanawalankhulepo, ndiwo anawafotokozera kaphikidwe kake ndi manja. Ku Thyolo ndinakafika ndi mapazi anga. Aphunzitsiwo sitinawaonenso.

Zimene amayi anaona kuseri kuja anandiuza ndili ndi ana anga kale, iwo atakhala mayi wamvano wodziwika ndi kusambitsa odwala amene abale awo ankawathawa. Tsamba lija aphunzitsi ankaliwotchadi, kuti mazira asaswe m'dothi. Koma likapsa, ankagwira nsungwi ndi manja onse n'kusanza mpaka misozi. Akatha ankapukuta pakamwa ndi udzu, n'kugwada. Pemphero lawo linali lalifupi moti ngakhale amayi analimva: "Ambuye, latsala phazi limodzi."

Ine pa nthawiyo ndinkayesa kuti aphunzitsi alibe mphuno, kuti pali anthu ena obadwa osanyansidwa ndi kanthu. Ndinkakhala pansi paja, phazi lachiwiri nditalitambasula kale, ndikunyinyirika mumtima kuti bambo amenewa amachedwa ndi chiyani kuseri kwa nsungwi.