Kartau la Zulmira lopanda bowo

M'mawa uliwonse asanapite kuntchito, Zulmira ankatulutsa kartau lake m'kachitini ka mkaka, kuona ngati chiswe sichinalilawe, n'kulibwezeramo. Linali la seguru. Kampani yokonza misewu kumene ankaphika tiyi inapatsa antchito ake makartau amenewa kuti akadwala azipita kukilinika ya eni ake osalipira.

Zulmira anabwerera kwawo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, n'kumanga kanyumba ku Mateus Sansão Muthemba, dera la mumzinda wa Tete. Zaka zisanu ndi chimodzi za kumsasa wa othawa nkhondo zinamuphunzitsa kuti kartau la chakudya likabooledwa, gawo lako latha. Nalonso la seguru analiona chimodzimodzi: lofunika kusungira matenda enieni. Malungo akamugwira ankapita kuchipatala cha boma, kukaima pabicha, mzere wautali uja, padzuwa la Tete, mpaka kulandira timapilitsi tokulunga m'kapepala.

Kenako linayamba dzino. Tsaya linatupa ngati wabisamo bango.

"Mana, m'bale wanga, inu si muli ndi seguru?" anatero Josefina, mnansi wake wogulitsa mbatata za ku Angónia. "Akuti kumeneko kuli mipando yofewa, mphepo yozizira, dokotala amayamba n'kukupatsani moni. Kwathu kwa boma amangokuwa kuti wotsatira!"

"Dzino n'matenda? Ndikabooletsa kartau chifukwa cha dzino, tsiku la opaleshoni ndidzagwira mtengo wanji?"

"Opaleshoni ya chiyani?"

"Kaya. Idzabwera."

Miyezi itatu anatafunira mbali imodzi, akutsuka m'kamwa ndi madzi amchere. Tsiku limene phala lomwe linamukana, anavala kapulana yatsopano n'kunyamuka.

Mipando yofewa inalikodi. Anakhala cham'mphepete mwa umodzi, kuopa kuudetsa. Mlembi wa pamenepo anawerenga kartau lija, n'kumuyang'ana mwachisoni.

"Mayi, ili linatha mwezi watha. Kampani yanu ikupakira, sinawonjezere chaka."

"Latha bwanji? Onani bwino, palibe bowo ngakhale limodzi!"

"Kuno sitiboola, mayi. Mukanafuna mukanamabwera sabata iliyonse."

Zulmira anaseka mpaka dzino linamukumbutsa kuti likadalipo. Anapempha kuti akhaleko pang'ono, amveko mphepo yozizirayo, poti pa seguru yense ndiyo yokha imene anadyapo. Mpaka pano akamaifotokoza nkhaniyi amadziloza pachifuwa: "Mukamamva za munthu wofa ndi ludzu miyendo ili m'Zambezi, ndi ine ndemwe."

M'mawa mwake anamanga mpango kuchibwano, nagogoda kwa Josefina.

"Tiyeni mundiperekeze kwathu kwa boma kuja. Koma mukaseka m'njira, ndikubwezani."

Josefina anaseka asanatseke n'chitseko chomwe. Dzuwa lili paliwombo, wa chipatala cha boma anakuwa kuti wotsatira, ndipo Zulmira analowa, nayasamula, dzino linatuluka.