Dzina la Howard pa Seva

Mayi Millicent Nkhuwa sakhulupirira makina akanena kuti zonse zili bwino. Kwawo ndi ku Kasenengwa. Anagwira ntchito yotayipa makalata kwa zaka zambiri, ndipo za makompyuta anaziphunzira ana awo ali kale ku sekondale. Tsopano amasamala seva ya kabungwe kena kogulitsa mbewu ya mtedza m'tauni ya Chipata. Sevayo ndi kompyuta imene imasunga mafayilo onse, ndipo makompyuta ena a mu ofesimo amawatsegula kudzera pa mawaya.

Lachisanu lililonse amaiyesa. Amazula waya dala munthu ali mkati molemba, kuti aone ngati fayilo iwonongeke. Anzawo amang'ung'udza, iwo alibe nazo ntchito. Akatero amasesa zotsalira, chifukwa magetsi akathima mwadzidzidzi kompyuta imachoka osatsazika. Seva imayesa kuti ikadalipo, n'kupitiriza kuisungira fayilo, wina aliyense osatha kulembamo.

Mu Okutobala chaka chatha, fayilo ya kameredwe ka mbewu inakana kutseguka. Seva inati yagwidwa ndi kompyuta ya Howard. Howard ndiye ankayesa mbewu, kuwerenga kuti pa njere zana zamera zingati, koma anachotsedwa ntchito mu Juni atakangana ndi manijala, a Sale. Mayi Nkhuwa anayesa kuti ndi zotsalira zakale ndipo anazifufuta. Lolemba dzinalo linabweranso.

"Munthu ameneyu akutilowera kuchokera kunja," anatero a Sale atamva. "Tikamunenere kupolisi."

"Dikirani kaye, abwana. Seva yathu siili pa intaneti. Amene akulowayo ali m'nyumba muno."

A Sale anangowauza kuti azichita changu.

Poyamba mayi Nkhuwa anakayikira Cynthia wolandira alendo, popeza ankagwirizana ndi Howard. Masiku awiri ankadutsa kumbuyo kwa mpando wake ngati akukatunga madzi. Sanaone kanthu. Anadzikayikiranso okha, kuti mwina sanafufute bwino. Ndiye anatenga kope la fayiloyo limene anasunga mu Juni n'kuyerekeza ndi latsopano. Pa mtedza wa matumba ena ochokera ku Kasenengwa, Howard analemba kuti zinamera njere 62. Tsopano panalembedwa 88.

Lachitatu masana, anthu atapita kukadya, dzina lija linatulukiranso. Mayi Nkhuwa anapita pa kabati pamene mawaya onse amakumana, n'kuyamba kuzula mmodzimmodzi, maso ali pa seva. Atazula wachisanu, kompyuta ya Howard inasiya kuyankha. Anamutsatira wayayo m'mbali mwa khoma mpaka analowa pansi pa chitseko cha manijala.

Anagogoda n'kulowa. Patebulo, pansi pa nyuzipepala, panali laputopu ya Howard, yakuda yothyoka pakona, imene aliyense ankati inabwezedwa ku sitolo ya katundu.

"Ndimangoona ngati ikugwirabe ntchito," anatero a Sale asanafunsidwe.

"Ikugwira ndithu, abwana. Mtedza uja wamera mpaka 88 uli m'matumba."

Mayi Nkhuwa ananyamula laputopuyo m'khwapa mpaka pampando wawo. Anachotseratu dzina la Howard pa seva, anabwezera 62, ndipo anatumiza fayiloyo kwa mamembala onse a komiti ya kabungweko popanda kuonjezera mawu. Matumba aja sanagulitsidwe ngati mbewu. Anapita kwa oyenga mafuta.

A Sale akadali manijala. Komiti inawaitana kamodzi, chitseko chili chotseka, ndipo zimene zinakambidwa mayi Nkhuwa sanauzidwe. Moni wa m'mawa unatha pakati pawo. Mwezi wathawu a Sale anaima pakhomo la kachipinda ka seva n'kufunsa kuti kodi amayi akuganiza zopuma liti pa ntchito.

"Mukalemba kalata yondipumitsa, abwana, musainire ndi dzina lanu," anayankha mayi Nkhuwa, osacheuka.