Paipi Imene Ndinakhotetsa

Mawondo anga sakuifunanso njira ya ku Chipyela. Kale ndinkachoka ku Yofu m'mawa, kukafika kumsika, n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Tsopano ndimapuma katatu, koma pali malo amodzi pamene sindikhala ngakhale pali mwala wabwino wokhalapo. Ndi pachitunda cha miyala, pamwamba pa munda umene unali wa apongozi anga. M'nthaka ya pachitundacho muli paipi ya madzi. Ndinaiika ndine, ndipo sinkayenera kudutsa pamenepo.

Ntchito ya mapaipi itafika kwathu ndinali bambo wa ana atatu, wosadziwa kulemba ngakhale dzina langa. Koma ndinali nditagwirako ntchito ku Nkhata Bay, ndipo ndinkavala malaya a thumba pachifuwa, m'thumbamo muli cholembera chimene ndinatola padoko. Injiniya amene anabwera pa sitima ya panyanja, bambo wamtali wosakonda zolankhulalankhula, anayang'ana cholemberacho n'kunena kuti ndikhale kapitawo wa okumba ngalande. Sanandifunse ngati ndimawerenga. Inenso sindinamuuze.

Anakhoma zikhomo kuchokera kuthanki ya paphiri mpaka pamalo a mpopi womaliza, wa m'mudzi mwathu, akusuzumira m'chida chake cha miyendo itatu. Tsiku lobwerera anandipatsa pepala lalikulu lopindapinda. Anasolola cholembera changa chomwe n'kulemba mawu ena m'mphepete.

"Ndalemba m'Chichewa kuti musavutike. Mwaona apa?"

"Ndaona, bwana."

"Ndibwera pakatha masabata atatu. Tsatirani zikhomo."

Zikhomozo zinkadutsa pakati pa munda wa chinangwa wa apongozi anga. Kuno dothi ndi lochepa, kwinaku ndi miyala yokhayokha, ndiye mizere ingapo ya chinangwa si chinthu chosewera nacho. Komanso ine ndinali mkamwini. Nyumba imene ndinkagona inali pamalo awo, ndipo ana anga ankadya za m'munda womwewo. Apongoziwo sanakalipe. Anandiitanitsa pakhonde, ndipo ankalankhula akusoka ukonde, osandiyang'ana.

"Akamwini, tamva mwakwezedwa."

"Ndi kantchito chabe, bambo."

"Kantchito kozula chinangwa cha eni. Madziwo sangadzere pena? Pachitunda paja salimapo munthu."

Tsiku lotsatira ndinatambasula pepala lija pamaso pa okumba. Ndinayendetsa chala pamizere ngati munthu wodziwa, n'kuwauza kuti pepala likuti tikhotere kuchitunda. Mmodzi wa iwo, msodzi wachikulire amene anabwera kudzakumba chifukwa mwera unali utatseka nyanja, anadzikanda m'mutu.

"Madzi kukwera chitunda, akapitawo? Kapena awa ndi madzi a ku Ulaya?"

Onse anaseka. Ine ndinati, "Mukudziwa kuposa pepala inu?" Anangotola piki yake.

Tinaswa miyala masabata awiri. Pena tinkasonkha moto pathanthwe, likatentha n'kulithira madzi kuti ling'ambike. M'manja munatuluka matuza, matuzawo anaphulika, anatulukanso ena. Tinayala mchenga pansi pa ngalande, kulumikiza mapaipi, kukwirira, kupondaponda. Injiniya atabwera anapeza zonse zili pansi. Anali ndi midzi ina yomudikira, ndipo sitima siyembekeza munthu. Anapita kuthanki, anapita kumpopi, pakatipa sanayendepo. Thanki inali yodzaza tsiku limenelo, ndipo atatsegula madzi anatuluka. Amayi analulutira. Injiniyayo anandigwira chanza.

Mwezi usanathe mpopi unayamba kutsokomola. Ukautsegula unkapuma ngati munthu wa chifuwa, kulavula pang'ono, kenako zii. Mipopi ya kufupi ndi thanki inkatulutsa bwinobwino, wovuta unali wathu wokha. Thanki ikadzaza kwambiri madzi ankabwera kanthawi, oyambirira pamzere n'kutunga, ena onse n'kutsikira kunyanja ndi ndowa zawo monga kale.

Kiyi wa mpopiwo ankasunga mayi wina wamasiye. Komiti ya m'mudzi inamusankha chifukwa nyumba yake inali pafupi. Kuseri kwa nyumbayo anali ndi kadimba ka mpiru, kobiriwira ngakhale m'chilimwe, chifukwa ankasenza yekha madzi a kunyanja kudzathirira. Anthu anaona kubiriwirako. Zinayamba ngati nthabwala pamzere, kuti mpiru wa mayi uja ukumwa bwino kuposa ana athu. Kenako sizinalinso nthabwala. Anati amatsegula mpopi anthu kulibe, kumaliza madzi, anzake n'kuwasiyira mpweya.

Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Wapampando wa komiti anatembenukira kwa ine.

"Akapitawo, munakumba ndinu. Paipi ili ndi vuto?"

Sindinganame kuti sindinkakayika. Funso la msodzi uja linkandibwerera nthawi zonse mpopi ukatsokomola. Koma apongozi anga anali atakhala kutsogolo, mkazi wanga pakati pa amayi anzake, ndipo kuti ndivomere za chitunda ndikanayenera kuvomeranso kuti pepala lija ndinkangoliyang'ana ngati mbuzi.

"Paipi ili bwino," ndinatero. "Tinatsatira pepala."

Mayiyo anavula chingwe cha kiyi m'khosi. Sanapereke m'manja mwa munthu, anangomuika pansi n'kumapita. Kiyi anaperekedwa kwa wina, mpopi unapitiriza kutsokomola, koma panalibe wobwerera kukapepesa. Anangoti mayiyo anauwononga asanatule kiyi. Amisiri a zamadzi ankabwera mwa apo ndi apo, kusintha mutu wa mpopi, kuyang'ana pulani yawo imene inkaonetsa paipi yowongoka, n'kumapita.

Ndinalowa sukulu ya kwacha imvi zitamera, mkazi wanga ndi apongozi atatsikira kale kulichete. Ndinkauza anthu kuti ndikufuna kumawerenga ndekha buku la mapemphero, ndipo zinali zoona pang'ono. Nditayamba kulumikiza zilembo, ndinatulutsa pepala lija pansi pa sutikesi. Njenjete zinali zitadya m'mapindo, koma mawu a m'mphepete analipo. Mizere iwiri yokha inanditengera masana onse. Inati paipi isakwere chitunda, chifukwa ikakwera mpweya udzakhala pamwambapo n'kutsekereza madzi.

Ndinalipinda n'kulibwezera pamene linali. Wina angaganize kuti ndinanena nthawi yomweyo. Sindinanene. Ndinali nditakhala mkulu wa mpingo, woyendera odwala, ndipo anthu ankanditchulabe kuti akapitawo. Ndinkati ndinena Isitala ikadutsa. Ikadutsa ndinkati ndidikire Khirisimasi. Pa Misa, tikafika pa mawu olapa, ndinkaweramitsa mutu ngati wina aliyense. Mayi uja ndikakumana naye panjira, ndowa ili pamutu, ndinkamupatsa moni ndipo ankayankha. Zaka zinapita choncho, ndipo ndinatopa nazo kuposa mmene ndinatopera ndi miyala ija.

Chaka chatha kunabwera injiniya wina, mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga, wovala chipewa cholimba ndi nsapato zazikulu. Anati wabwera kudzakonza mpopi wa ku Yofu. Pulani yakale anali nayo pafoni, ndipo anaitsatira mpaka m'munda muja, umene tsopano amalima achibale a malemu mkazi wanga. Anthu ake anakumba maenje masiku atatu, kuzula chinangwa apa ndi apo, paipi osaipeza. Ndinkawaona ndikamadutsa. Tsiku lachinayi ndinamva akuwauza kuti ikapanda kupezeka akwera sitima ya sabata yomweyo, ndipo akalemba kuti mpopi wathu ndi wakufa.

Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga pepala, n'kutsikira m'mundamo ndi ndodo yanga.

"Agogo, samalani maenjewo," anatero injiniyayo.

"Simuipeza muno, mayi. Ili pachitunda apo."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndinaikhotetsa ndine."

Ndinamupatsa pepala. Anawerenga mawu a m'mphepete, anayang'ana chitunda, kenako anandiyang'ana ine. Sanakwiye. Ankangooneka wotopa ndi dzuwa.

"Zaka zonsezi, agogo?"

"Zonsezi."

"Mukanatiuza Lolemba, bwenzi chinangwa cha eni chili chilili."

Mmodzi wa okumba anaponya fosholo pansi. "Madala, ndiye mwatisandutsa mfuko masiku atatu, inu mukungotipatsa moni?" Anzake anaseka, ndipo kuseka kwake kunali ngati kwa tsiku lija la msodzi.

Tinakwera chitunda pang'onopang'ono chifukwa cha ine. Ndinaloza pafupi ndi thanthwe limene linali ndi mng'alu wa moto wathu. Anakumba kufika m'mawondo, paipi n'kuonekera. Ndinkaganiza kuti aifukula yonse, koma injiniyayo anati sizofunika. Anaboola pamwamba penipeni n'kuikapo kachitsulo kotulutsira mpweya, kosaposa botolo kukula, kenako anakamangira kabokosi ka njerwa. Poboolapo mpweya unatuluka ndi mluzu. Ntchito yonse inatenga masiku awiri. Kuyambira pamenepo mpopi sunatsokomolenso.

Nkhani inafika m'mudzi ine ndisanafike. Ambiri amene anali pamsonkhano uja anamwalira, ndipo achinyamata ankangosangalala ndi madzi. Ena anasiya kunditchula akapitawo. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni.

Mayi uja akadali moyo, koma maso ake achita khungu. Ndinatunga kandowa kakang'ono pampopi, ndinanyamula pamanja, ndipo ngakhale ndi pafupi ndinapuma kawiri. Ndinamupeza atakhala pakhonde.

"Odi kuno."

"Ndani?"

"Ndine, amene ndinali kapitawo."

"Ndamva kale. Mwabwera kudzandiuza zimene ndinaona ndi maso anga?"

Ndinaika ndowa pansi. Iye anapitiriza, mawu ake osakwera. "Ndinkatola nkhuni pachitunda pamene munkawotcha miyala. Zikhomo za injiniya ndinaziona zili m'munda, inu mukukumba kwina."

"Nanga bwanji simunanene pamsonkhano, mayi?"

"Inu munali ndi pepala. Ine ndinali ndi mpiru."

Ndinakhala pa mwala. Ndinati ndabwera kudzapepesa, ndipo mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri. Iye anapukusa chala pa mphasa.

"Ine ndakalamba nazo, zandikwana," anatero. "Koma ana anga anakula akutchedwa ana a wakuba madzi. Wamkulu anawolokera kutsidya kwa nyanja, ku Cobue, sabwera kuno ngakhale pa maliro. Ngati muli ndi chopepesa, kapepeseni kumeneko."

"Madziwa ndiike pati?"

"Thirani pa tsabola apo. Akumwa anditungira kale kunyanja."

Ndinathira pa tsabola, madzi analowa m'dothi nthawi yomweyo, ndipo ndinabwerera ndi ndowa yopanda kanthu.

Ndalankhula ndi mwini bwato wina wa kutsidya amene amabweretsa nkhuni ndi nthochi ku Chipyela. Mwana wa mayi uja akumudziwa, akuti ali ndi ukonde wake ndi ana akuluakulu. Wati adzanditenga mwera ukaleka, ndipo adzandinyamula pokwera ngati mawondo akana. Sindikudziwa ngati munthuyo adzandipatsa mpando. Pepala lija injiniya anandibwezera, ndaliika m'thumba la jekete limene ndidzavale.