Nthochi ya kuseri kwa chulu

Sabata yathayi ndinaitanidwa ku mlandu wa nthochi. Musaseke. Ndinanyamuka kuno ku Tsangano, kusintha machapa, timabasi tathu tija, mpaka ku Furancungo, kenako mota, njinga yamoto yogwedeza matumbo, mpaka kumudzi wina wa ku Chidzolomondo, zonsezo chifukwa cha nthochi ndi kachidutswa ka nzimbe.

Ine ndine nkhoswe ya Domingo, mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu ali pa chikamwini kumeneko, anakwatira mtsikana dzina lake Luiza. Uthenga unandipeza pa foni, waufupi: "Bwerani mudzatenge munthu wanu." Inu amene munakhalapo ankhoswe mukudziwa kuti mawu amenewo sanenedwa banja likadali bwino.

Tinakhala pafupi ndi chigafa cha fodya. A Mbewe, atsibweni ake a Luiza, ndiwo anayala nkhani.

"Munthu wanuyu thobwa la apongozi ake amakana," anatero. "Akamutumizira kumunda limabwerera osalilawa n'komwe. Koma dzuwa likangokwera, amagwetsa khasu n'kuzembera kuseri kwa chulu. Tamuona ndi maso athuwa, akudya nthochi, akutafuna nzimbe, yekhayekha ngati galu wakuba. Tsiku linanso tinamupeza ali gone m'mizere ya fodya, thukuta lili kamukamu, lilime lolemera. Kachasu m'mawamawa! Ameneyu ndiye mkamwini?"

A Nambewe, apongozi akewo, anali atakhala poteropo, atatembenukira kumbali monga mwa mwambo. Anayankhula osayang'ana munthu.

"Ine ndikufuna ndimve chimodzi chokha. Anamuuza ndani kuti ndimathira anthu mankhwala m'zakudya? Ngati ndine mfiti, anene pano."

Ndinawamvera chisoni, chifukwa sanali kunamizira. Mayi ukafulula thobwa ndi manja ako, mkamwini n'kulibweza, kenako n'kumva kuti akudyera kuthengo, ungaganize chiyani?

Koma ine ndinkadziwa chimene iwo sankadziwa. Domingo mowa samwa. Ali ndi matenda a shuga, aja odzibaya insulina tsiku lililonse. Anamupeza nawo asanakwatire. Luiza akudziwa, ndipo ndiye amamusungira kabotolo kake m'kamphika kadothi kokwirira mu mchenga wonyowa, kuti kasatenthe. Kupatula iye ndi ine, m'mudzi monsemo munalibe wina wodziwa. Domingo anandilumbiritsa kuti ndisadzatsegule pakamwa.

Matendawa ndi achinyengo. Munthu akadzibaya m'mawa n'kukagwira khasu m'mimba muli pululu, shuga amatsika. Amanjenjemera, thukuta limatuluka, mawu amasokonekera ngati woledzera, ndipo pakapanda womuthandiza akhoza osadzukanso. Pamenepo chomupulumutsa ndi chotsekemera, chapafupi. Koma chikho chodzaza cha thobwa lothira shuga pa nthawi imene thupi silikufuna chimamuvulazanso. Ndiye taonani: munthu yemweyo akukana chotsekemera pakhomo, akukatafuna nzimbe kuseri kwa chulu. Ndani angamvetse zimenezi wosauzidwa?

Mwina mukuti, bwanji osangopempha chakudya njala ikamugwira? Ha! Mkamwini kupempha chakudya? Munthu woti akaona apongozi akubwera m'njira amapatukira m'udzu? Mkamwini amalima, n'kudikira. Chikabwera adya, chikachedwa amangitsa lamba.

Nzeru ya nthochi ija siinali yake. Ku chipatala cha ku Furancungo, kumene amakatenga insulina, anakumana ndi mtsikana wina wophunzira ntchito imene pa Chipwitikizi amati terapia ocupacional. Ndi ntchito yothandiza wodwala kukonza tsiku lake, kuti matenda ndi ntchito zake zisamalimbane. Mtsikanayo ankachita kafukufuku wa kusukulu kwake, kucheza ndi achinyamata a shuga mmodzimmodzi. Domingo akuti za mankhwala mtsikanayo anawasiyira anamwino. Iye anafunsa zina: mumadzuka liti, kumunda n'kutali bwanji, mumapuma kapena ayi, kunjenjemerako kumayamba dzuwa lili pati, buluku lanu lili ndi matumba kodi?

Anagwirizana kuti azitenga nthochi kapena mtedza m'thumba, azidya kunjenjemera kusanayambe, nzimbe ikhale ya pangozi. Zinathandiza, osanama. Kugwa m'mizere kuja kunachitika asanakumane ndi mtsikanayo, ndipo chikumanireni naye sanagwenso.

Koma panali funso limodzi limene Domingo analephera kuyankha. Mtsikanayo anati, "Nanga mumadya ndi ndani? Mutagwa mkazi wanu palibe, alipo wodziwa chochita?" Domingo anandifotokozera zimenezi pa foni akuseka, koma kuseka kwake sikunandisangalatse. Luiza nthawi zambiri amakhala kudimba ndi amayi ake. M'munda wa fodya Domingo amalima ndi azilamu ake, anthu oti atamuona ali pansi angangoti muloleni mowa umuchoke.

Abale anga, tiyeni tiuzane zoona. Ife shuga timamutenga ngati matenda a mabwana a mimba zazikulu, oyenda pa galimoto. Tikaona mnyamata woonda ali ndi jakisoni m'manja, timakhala ndi mayankho athu okonzeratu: mwina kachilombo, mwina anamulodza, mwina wayamba zosokoneza bongo. Ndiye mnyamatayo atani? Amabisa. Mtsikana amabisa kuti asasowe banja. Mnyamata amabisa kuti asamutche nkhuku yachitopa. Amadzibaya mobisa, kudya mobisa, kuopa mobisa, pakati pa mudzi wodzaza ndi anthu.

Ndipo chondipweteka n'chakuti mwambo umene ukumupanikizawu si woipa. Ife amene tinathawira nkhondo ku Malawi tili ana tikukumbuka. Chinatisunga ndi chomwechi, choti munthu sadya yekha, ndipo chimene wapatsidwa sukana. Amayi anga ankaduladula mbatata imodzi kuti ikwanire ndi ana a eni ake omwe. Wodya mobisa tinkamuona ngati wakupha. Sindikufuna mwambo umenewu uthe. Koma kodi unabwera kuti usunge anthu, kapena kuti anthu azifa pousunga?

Tibwerere ku chigafa kuja. A Mbewe atamaliza, maso onse anali pa ine. Ndinayang'ana Domingo. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, kundikumbutsa lumbiro lija. Ndikanena, ndamupereka. Ndikapanda kunena, ndibwerera naye pa mota ngati chidakwa chothamangitsidwa.

A Nambewe anabwerezanso, tsopano akulira. "Anene, ndamulakwira chiyani mwana wa eni?"

Misozi imeneyo ndi imene inamuthyola. Domingo anagwada, anapisa m'thumba, natulutsa jakisoni n'kuyiika pansi. Sanayang'ane apongozi ake, analankhula kwa a Mbewe.

"Atsibweni, auzeni amayi kuti thobwa lawo ndi lokoma. Sindinawaganizirepo choipa. Wodwala ndine. Ndili ndi shuga, ndimadzibaya kuti ndikhale moyo."

Luiza anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinkadikira kuti wina anene kuti pepa mwanawe, wavutika wekha nthawi yonseyi. Mukudziwa chimene a Mbewe anafunsa?

"Nanga ameneyu adzabereka?"

Ndinafotokoza zonse zimene ndimadziwa, kuti matendawa sapatsirana, kuti munthu akamadzisamalira amalima, amabereka, amakalamba. A Mbewe anangogwedeza mutu. "Tamva. Pronto, basi, akhale kaye. Tidzaona fodya akachoka m'chigafa."

Mtima wanga unapsa. Ndinati, "A Mbewe, ndiye kuti mukufuna manja ake mpaka fodya agulitsidwe, kenako mudzandiimbirenso foni?" Iwo anaseka. "Epa, ankhoswe, mwafulumira kukwiya. Tangoti tidzaona." A Nambewe anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati anali manyazi kapena mkwiyo.

Banja silinathe tsiku limenelo, koma silinapulumukenso. Laikidwa pa mzere umodzi ndi fodya, kudikira kuti liume.

M'mawa mwake, mota isanabwere, ndinamutsatira Domingo kumunda. Azilamu ake, amene kale ankamuseka kuti chidakwa, tsopano ankalima chapatali, akumuyang'ana m'mbali. Dzuwa litakwera, Domingo anaika khasu pansi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kulowera kuchulu kuja.

Ndinamuitana. "Iwe, aliyense akudziwa tsopano. Ukubisaliranso chiyani?"

"Ndinazolowera, atsibweni," anatero. "Komanso kudya anthu akukuyang'ana ngati maliro oyenda, bola chulu."

Ndinapita naye. Kuseriko udzu unaphwanyika pamalo pamene amakhala, malo a munthu mmodzi. Makoko a nthochi akuda anali mbwee, ndi zotafuna za nzimbe zouma. Ndinadzipanikiza pambali pake, mawondo anga okalambawa akudandaula. Anapisa m'thumba n'kupeza kuti Luiza waikamo nthochi ziwiri m'malo mwa imodzi. Anandipatsa inayo.

Tinayamba kudya. Ndinaona kuti akutafuna pang'onopang'ono, akuyang'ana mapiri.

"Masiku onse ndimangomeza," anatero. "Ndimaopa kundipeza. Lero ndiye ndamva kuti nthochi zakunozi n'zokoma."

Mota inalira kumsewu, ndinamugwira paphewa, ndinanyamuka.

Njira yonse yobwerera ndinkaganiza za mtsikana wa kafukufuku uja. Iye anachita mbali yake, anamukonzera thumba ndi nthawi yodyera. Anamwino akuchita mbali yawo. Koma funso lake lija silingayankhidwe ku chipatala. Akulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo mwambiwu timaukonda pa maukwati ndi pa maliro. Nanga pakati pa sabata, dzuwa lili pamutu, m'munda wa fodya?

Yang'anani pakhomo panu. Mwina muli naye mkamwini, mtengwa, kapena mwana wanu weniweni amene amakana chikho chanu n'kumazemba nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Musanamutche wonyada, musanaitane ankhoswe, mwamufunsapo kuti chikumuvuta n'chiyani?

Ine ndafika kwathu ku Tsangano, kutali. Lero dzuwa likakwera Domingo aika khasu pansi, alowera kuseri kwa chulu, ndipo m'thumba mwake mukhala nthochi imodzi. Mwa anthu onse a m'mudzi umene uja, ndani amene aike khasu lake pansi n'kukakhala naye?